Nyanja Yathu Imayambira Kumtunda

(Nyimbo yotsegulira pulogalamu, itsike pang'onopang'ono.)

Ndikupemphani kuti mundibwereke makutu anu kwa kanthawi, pakuti nkhani imene ndadza nayo lero, ngakhale ikunena za nyanja, si ya asodzi okha ayi. Ndi yanunso inu amene mumalima ku Dedza ndi ku Ntchisi, ndi inu amene mumagulitsa tomato mumsika wa ku Lilongwe, ngakhale kuti ena mwa inu chibadwire simunapondepo mchenga wa ku Salima kapena kumva mkokomo wa mafunde pa nyengo ya mwera.

Chaka china, m'mwezi wa Januwale, mvula itagwa kumtunda masiku atatu osakata, ndinakwera bwato pamodzi ndi msodzi wina wachikulire m'boma la Salima, ndipo tinapalasa kulunjika kumene mtsinje wa Linthipe umathira m'nyanja, kufupi ndi zilumba za Maleri. Tili pakati pa ulendo, mkuluyo analeka kupalasa, nandilozera kutsogolo ndi nkhafi, ndipo ndinaona mzere pamadzi, wooneka bwino ngati malire a minda iwiri: mbali yathu madzi anali oyera mbee, kotero kuti nkhafi ikamira unkaiona yonse, pamene tsidya la mzerewo anali ofiira ngati thobwa la mawere. Titalowa m'madzi ofiirawo ndinamiza mkono kufikira m'chigongono, zala zanga osazionanso. Ndipo pamwamba pankayandama mapesi a chimanga, ziputu za mitengo, botolo la mafuta ophikira, patapata imodzi ya mwana ndi majumbo osawerengeka. Mkulu uja anatunga madziwo m'chikho, nawaika pansi m'bwato kuti adikhe, ndipo patapita kanthawi anawatsanula pang'onopang'ono, nandionetsa matope amene anatsalira pansi pa chikhocho, nati, "Mwanawe, uwu ndi munda wa munthu. Mwini wake chaka chino adzadandaula kuti nthaka yaguga, osadziwa kuti nthaka yakeyo yabwera kuno kudzakwirira zisa za chambo."

Mau a mkulu ameneyu ndiwo mutu wa nkhani yathu; koma ndisanapite patali ndifuna ndiyambe ndazula ganizo limodzi limene lazika mizu m'mitima ya ambiri a ife, loti nyanja ndi yaikulu, sidetsedwa, chilichonse chogweramo chimasungunuka n'kutha. Kukula kwake sitikana. Nyanja ya Malawi ndi yachitatu pa nyanja zonse za mu Africa. M'litali mwake ndi makilomita pafupifupi 580, ndipo chakumpoto, kumene yazama kwambiri, chingwe cha mamita 700 chimaperewera pang'ono kugunda pansi. Koma taganizirani ichi: mitsinje yothiramo ndi yambiri, Songwe, mitsinje iwiri ya Rukuru, Dwangwa, Bua, Linthipe, Ruhuhu wa ku Tanzania, pamodzi ndi timitsinje ndi makwawa mazanamazana, pamene khomo lotulukira ndi limodzi lokha, ndilo mtsinje wa Shire ku Mangochi, ndipo ngakhale khomo limenelo silitulutsa zambiri, pakuti gawo lalikulu la madzi ochoka m'nyanja chaka ndi chaka limakwera kumwamba ngati nthunzi chifukwa cha dzuwa ndi mphepo. Amayi mukudziwa chimene chimachitika mphika wa ndiwo ukaphwerera pamoto: madzi amapita, mchere n'kutsala, ndiwo n'kuwawa koposa poyamba. Momwemonso dzuwa limatenga madzi okha, koma matope, mankhwala ndi zonyansa limazisiya m'menemo. N'chifukwa chake akatswiri a zamadzi amati pafunika zaka mazana angapo kuti madzi onse a m'nyanjayi atuluke kudzera mu Shire, ndipo mbiri imatiuza kuti kuyambira mu 1915 kufikira cha m'ma 1935 nyanja inatsika kotero kuti mtsinjewo unaleka kutulutsa madzi. Chimene titaya m'nyanja lero, adzukulu a adzukulu athu adzachipeza chili momwemo.

Palinso chinsinsi china chimene diso la munthu woima pagombe silingachione. Kuzama konse kuja si kwa nsomba ayi, pakuti ukatsika kupyola mamita ngati 250 madzi alibe mpweya uja wa okosijeni umene nsomba zimapuma; kumeneko kuli mdima ndi bata lokhalokha, ndipo madzi akumeneko sasakanikirana kwenikweni ndi apamwamba, ngakhale mwera uombe chotani. Chuma chonse chimene timanyadira, chambo ndi usipa, utaka ndi kampango, mcheni ndi mbuna zamawangamawanga, mitundu ya nsomba mazanamazana yoposa ya m'nyanja ina iliyonse pa dziko lapansi, imene inachititsa kuti boma likhazikitse paki ya m'nyanja ku Cape Maclear mu 1980, ndi kuti bungwe la UNESCO liwerenge malowo pakati pa chuma cha dziko lonse mu 1984, chuma chonsecho chili m'madzi apamwamba ndi m'mbali mwa gombe. Ndipo m'mbali mwa gombemo ndimo mmene mitsinje imafikira kudzatula katundu wake.

Katundu woyamba tsono, ndinso wolemera koposa onse, ndi nthaka. Pa kalembera wa mu 1966 m'dziko muno munali anthu pafupifupi 4 miliyoni. Pa kalembera wa mu 2018 tinapezeka tili 17.5 miliyoni, koma nthaka sinaonjezereke ngakhale phazi limodzi. Pakamwa paliponse pafuna nsima, nsima ifuna munda ndi nkhuni, ndipo potero tinakwera ndi makasu m'mapiri mmene makolo athu ankangopitamo kukafula njuchi ndi kukazula bowa. Tinagwetsa misuku, mitondo ndi miombo kuti tiotche makala ndi njerwa ndi kumanga zigafa za fodya. Tinatsikira m'madambo ndi m'mphepete mwa mitsinje, n'kuzula bango ndi nsenjere kufikira khasu litanyowa ndi madzi a mumtsinje, kuti tipeze dimba la mpiru ndi chimanga chachiwisi. Mvula ikagwa paphiri lovala mitengo, masamba amailandira, zinyalala zapansi zimaimwetsa nthaka pang'onopang'ono, ndipo mtsinje umayenda woyera chaka chonse. Koma ikagwa paphiri lometedwa mpala, dontho lililonse limamenya dothi ngati nyundo, madzi nathamanga m'mizere yolozetsa kumunsi, nakumba zigwembe, nanyamula chonde chonse kupita nacho ku Diamphwe kapena ku Lilongwe, mitsinje imeneyo nipereka kwa Linthipe, Linthipe napereka kwa nyanja. Madzi saiwala khwawa, anatero akale, ndipo makwawa ambiri a chigawo chapakati ndi chakumpoto mutu wake waloza kunyanja.

Pano ndiime pang'ono, kuopa kuti wina angati ndadza kudzaweruza amphawi. Bambo amene amakankha njinga usiku wonse kuchokera ku Dzalanyama, matumba atatu a makala ali pakaliyala, sachita zimenezo chifukwa choda mitengo. Amachita chifukwa kunyumba wasiya ana, ndiponso chifukwa m'tauni muli ife ogula, amene timamudikira pachipata ndalama ili m'manja. Mlandu wa Dzalanyama, kumene mtsinje wa Lilongwe umachokera, ukazengedwa mwachilungamo, wogula ndi wogulitsa ayenera kukhala pamphasa imodzi.

Nanga matope amalakwira chiyani nsomba, popeza si poizoni? Tiyeni titsike pansi pa madzi tikaone chambo pa nyengo yake yoswana. Chambo chachimuna chimasankha malo pamchenga, n'kumafukula ndi kukamwa, kutapa mchenga ndi kukaulavula pambali, kufikira chitaumba chisa chozungulira ngati lichero. Ndipo chikatha, thupi lake litada bii ndi ulemerero wa ukwati, chimaitanira chachikazi. Chachikazi chikaikira mazira pachisapo chimawatola n'kuwasunga m'kamwa mwake, osadya bwino masiku ambiri, kufikira ana ataswa ndi kukhwima pang'ono. Pamenepo chimapita nawo m'madzi osaya, pakati pa bango ndi udzu wa m'madzi, kumene tiana timeneti, timene tikakulako asodzi amatitcha kasawala, timabisala ndi kudya. Ntchito yonseyi ifuna mchenga woyera, madzi oonetsa kuwala, ndi bango loimirira pagombe. Matope akafika amakwirira chisa. Bango tikalidula kuti timange nyumba za alendo zoyang'ana pamchenga woyera, kasawala amasowa pothawira. Mbuna nazo, zimene zimadya ndere zomera pamiyala monga momwe mbuzi zimadyera msipu, zimapeza miyala yakutidwa ndi thope, msipu wawo utafa chifukwa chosowa dzuwa. Mpasa ndi sanjika, zimene zimakwera mitsinje monga Bua kukaikira mazira pamiyala ing'onoing'ono m'madzi othamanga, zimapeza timiyalato tatsekeka ndi dothi. Akuluakulu a kunyanja akukumbukira ntchila, nsomba imene kale inkadzaza madengu, koma lero mwana wa msodzi akhoza kukula osaiona. Makoka ndiwo anaitha kwambiri, komatu mitsinje yodzala matope sinaipatse mpata wobwereranso.

Katundu wachiwiri amabwera atabisala m'kati mwa woyamba, ndipo ndi woopsa chifukwa poyamba amaoneka ngati dalitso. Feteleza amene mlimi wagula ndi thukuta lake, wokulitsa ndi wobereketsa yemwe, mvula yamkuntho ikamukokolola saleka kukhala feteleza pofika m'madzi. Ntchito yake yomeretsa amakaigwira komweko. Pamodzi ndi ndowe za ziweto, zonyansa za m'mizinda, ndiponso phulusa ndi utsi wa moto wolusa umene timatentha nawo tchire m'chilimwe posaka mbewa, umene mphepo imautenga n'kukaugwetsa pamwamba pa nyanja, zonsezi zimadyetsa ndere zing'onozing'ono zoyandama m'madzi. Ndere zikhale zochepa, ndizo chakudya cha tizilombo timene usipa umadya. Koma zikachuluka mopyola muyeso zimadetsa madzi, zimatchinga dzuwa, ndipo zikafa n'kumira, kuola kwake kumamaliza mpweya umene nsomba zikadapuma. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Anzathu a ku Kenya, Uganda ndi Tanzania anaziona zimenezi pa nyanja ya Victoria, kumene kuchuluka kwa ndere, pamodzi ndi nsomba yolusa ya Nile perch imene anthu anaikamo m'zaka za m'ma 1950, kunafafaniza mitundu yambirimbiri ya nsomba za fuko limodzi ndi mbuna zathu. Ofufuza anapezanso kumeneko chinthu chomvetsa chisoni: nsomba zazikazi za fuko limeneli zimazindikira yaimuna ya mtundu wawo poona mawanga ake, ndipo madzi akada, maso saonanso kusiyana kwa chofiira ndi chobiriwira, mitundu nisokonezeka, ina nizimirira osaphedwa ndi munthu. Nyanja yathu sinafike pamenepo, ndipo tiyamike. Koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Chonde chotayikachi chili ndi mwana wake wina amene a ku Mangochi, ku Liwonde ndi ku Chigwa cha Shire akumudziwa bwino, ndiye namasupuni, chomera cha maluwa okongola chimene kwawo ndi ku South America. Pamadzi odzala chonde namasupuni amaswana mofulumira, nayala mphasa yobiriwira yoti bwato silingadutse, pansi pake nsomba zikubanika. Ndipo akayandama kutsika ndi Shire pamodzi ndi udzu ndi matope, amakatseka makina opangira magetsi ku Nkula ndi ku Tedzani. M'zaka za m'ma 1990 akatswiri anabweretsa tizilombo tofanana ndi anankafumbwe timene timadya chomerachi, ndipo tinathandiza ndithu. Ku Liwonde, pa damu la Kamuzu Barrage, zomera zoyandama amazitchinga ndi kuzivuula. Koma inu a ku Blantyre, magetsi akazima mvula itagwa, kumbukirani kuti pakati pa zifukwa zake pali munda wa paphiri umene unalimidwa molozetsa kumunsi.

Tsopano ndifika pa nkhani imene mwambo wathu sulola kuitchula pagulu, ndipo ndipempha mafumu ndi apongozi amene akumvera pamodzi ndi akamwini awo kuti andikhululukire. Koma mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo ife taika maliro ochuluka kwambiri kuti tipitirize kuchita manyazi. Pamadoko ambiri a asodzi, kumene anthu mazana amasonkhana pa nyengo ya usipa, zimbudzi n'zochepa kapena palibe, ndipo nyanja yomweyo ndiyo chitsime, ndiyo bafa, ndiyo potsukira mbale ndi matewera, ndiyonso kothawira munthu akafuna kudzithandiza. Pali chifukwa chake chimene a kumtunda sachidziwa: dzenje lokumba pamchenga limagumuka mvula yoyamba, ndipo madzi a pansi ali pafupi. Ngakhale zimbudzi zomangidwa bwino, nyanja ikakwera monga inachitira mu 2024, pamene inalowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota, zimamizidwa, zam'kati mwake n'kusakanikirana ndi madzi akumwa.

Taonani tsono njira ya likodzo. Munthu wodwala akakodza m'madzi, timazira tosaoneka ndi maso timaswa, tizilombo take n'kulowa mu nkhono zing'onozing'ono za m'madzi; m'menemo timachulukana, ndipo pakapita milungu ingapo timatuluka zikwizikwi kufunafuna khungu la munthu, la mwana wosambira, la mayi wochapa, la msodzi wokoka khoka. Tikaboola khungu timakakhala m'mitsempha ya magazi yozungulira chikhodzodzo, ndipo mnyamata amayamba kukodza magazi, ena n'kumati ndiko kukula, chonsecho ndi nthenda imene imafooketsa thupi, kubweza mwana m'mbuyo kusukulu ndi kuononga ziwalo zam'kati. Ku Chembe, pa Cape Maclear, ofufuza anaona kuti likodzo linachuluka pamene nsomba zodya nkhono zinachepa chifukwa cha makoka a maso aang'ono okokedwa m'mbali mwa gombe; tinadya alonda athu, mdani nalowa pachipata. Mankhwala a praziquantel amene amagawidwa m'sukulu amachiza ndithu, ndipo makolo musaletse ana kumwa. Koma mwana wochira akabwerera m'madzi omwewo, nthenda imamulandiranso. Za kolera sindichita kukuuzani, pakuti mliri umene unayamba mu Malichi 2022 ndi kupitirira mu 2023 unatenga miyoyo yoposa 1,700, woopsa koposa miliri yonse ya kolera imene dziko lino linaionapo, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja anali pakati pa olira kwambiri.

Amene afuna kuona mathero a njira imeneyi apite ku nyanja ya Chilwa, imene ilibe khomo lotulukira ngakhale limodzi, ndipo ndi yosaya kotero kuti m'malo ambiri bwato amaliyendetsa ndi mponda. Zonse zimene Likangala watola podutsa mumzinda wa Zomba, zimene Domasi, Thondwe ndi Phalombe atola m'minda, zimathera m'menemo. Asodzi okhala m'zimbowera, tinyumba tomangidwa pa udzu woyandama pakati pa nyanja, amamwa madzi omwe amatayiramo zonse, ndipo kolera sachedwa kuwapeza. Nyanjayi inaphwa mu 1968, mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anagona pamatope ouma padoko la Kachulu. Kuphwako kumadza ndi chilala, ndipo ndi khalidwe lake kuyambira kale. Koma dothi lotsikiramo kuchokera m'mapiri a Zomba ndi Mulanje limakweza pansi pake, malo a matemba ndi makumba namka nachepa.

Zotsalazo ndingozitchula mwachidule, popeza maso anu amaziona tsiku ndi tsiku. Pali majumbo opyapyala, amene boma linawaletsa mu 2015, ndipo bwalo lalikulu la apilo linavomereza chiletsocho mu 2019, koma akali mbwee m'misika ndi m'ngalande. Saola, amangoduka tizidutswa timene nsomba zimameza. Pali oyilo wakuda wa injini za maboti amene amakhuthulidwa pamchenga. Pali maukonde a ulusi wa pulasitiki amene akaduka amatsala pansi pa madzi n'kumapha nsomba zaka ndi zaka popanda wozivuula. Pali masikito onyikidwa m'mankhwala, amene anaperekedwa kuti ateteze ana ku malungo, koma asanduka makoka osesa ndi mazira omwe. Pali osodza ndi katupe, ndi ena oipirapo amene amathira mankhwala a mbewu m'maiwe, napha chamoyo chilichonse kuti adzaze dengu limodzi. Ndipo kuyambira mu 2011, pamene zilolezo zofufuza mafuta pansi pa nyanja zinaperekedwa, pali funso limene mtundu wonse uyenera kuliyankha ndi mtima wodekha, pakuti mafuta otayika m'nyanja ya khomo limodzi alibe kolowera.

Nanga tichite chiyani, abale? Yankho langa likhoza kudabwitsa ena: ntchito yaikulu yoyeretsa nyanja siili kunyanja, ili m'munda. Mlimi wa pamalo otsetsereka aitane mlangizi wa zaulimi kuti adzamuthandize kuika akalozera, mizere yonse itsate akalozerawo mopingasa phiri, ndipo pa akalozerapo abzale udzu wa vetiva, umene mizu yake imatsika pansi kwambiri n'kugwira dothi ngati dzanja. M'makwalala aike ngonyeka, kuti madzi a mvula aime ndi kulowa pansi pomwe agwerapo. Mapesi asatenthedwe, agonekedwe m'munda kuti aphimbe nthaka, monga amachitira a ulimi wa mtayakhasu. Mitengo ya nsangu, imene imayoyola masamba nthawi ya dzinja n'kusiyira chimanga dzuwa ndi chonde, isiyidwe m'munda. Ziputu zimene zikuphuka zitengulidwe ndi kusamalidwa, pakuti chitsa chokhala ndi mizu kale chimakula msanga koposa mbande ya kunazale. Manyowa a khola ndi a kompositi amamanga dothi kuti lisakokoloke, ndipo feteleza wokwiriridwa bwino m'nthaka yotere amakhala m'munda kudyetsa chimanga. Onani kuti palibe chimodzi mwa izi chimene mlimi achitira msodzi mwaulere: dothi limene lakanizidwa kupita kunyanja ndilo lomwe lidzadzaza nkhokwe yake.

M'mphepete mwa mtsinje uliwonse musiyidwe lamba wosalimidwa, wa bango, nsenjere, nsungwi, mikuyu ndi katope, pakuti lamba ameneyu ndiye sefa: madzi ochokera m'minda akafikapo amafooka, natula dothi lawo asanalowe mumtsinje. Ndikudziwa kuti dimba la m'mphepete ndilo limapulumutsa banja m'miyezi ya njala, ndipo kuuza munthu mmodzi kuti abwerere m'mbuyo pamene mnansi wake akulima mpaka m'madzi ndiko kumuuza kuti agone ndi njala yekha. N'chifukwa chake nkhani iyi ndi ya pabwalo la mfumu, kuti mudzi wonse upangane malire amodzi, ndi midzi ya tsidya lina ipangane chimodzimodzi. Mutu umodzi susenza denga.

Kunyanja nako nzeru zilipo. Dzenje la pamchenga likhoza kulukiridwa nsungwi m'kati ngati nkhokwe, kapena kumangidwa ndi njerwa kuti lisagumuke. Ndipo kumene madzi a pansi ali pafupi kuli zimbudzi zomangidwa pamwamba, zothiramo phulusa ndi dothi munthu akatha, zimene pakapita miyezi zimapereka manyowa. Pakhomo pa chimbudzi pakhale mpondagiya ndi sopo kapena phulusa. Madzi akumwa atungidwe pamjigo, ndipo ngati ndi a m'nyanja awiritsidwe kapena athiridwe klorini amene alangizi a zaumoyo amagawa. Amene amawerenga Buku Lopatulika akumbukira kuti m'chilamulo cha Mose, m'buku la Deuteronomo, ana a Israyeli analamulidwa kukhala ndi malo kunja kwa misasa, ndi chokumbira chofotserera zonyansa zawo, chifukwa misasa yawo inayenera kukhala yopatulika. Ngati anthu a paulendo m'chipululu anapatsidwa lamulo lotere, doko limene lakhala pamalo amodzi zaka makumi asanu lilibe chowiringula. Makomiti a m'madoko, amene anayambira ku nyanja ya Malombe mu 1993 chambo chitatha kumeneko, ali ndi mphamvu yokana kuti msodzi wobwera amange msasa asanakumbe chimbudzi, monga momwe amakanira khoka losaloledwa, ndi monga amasungitsira miyezi ya Novembala ndi Disembala imene makoka a chambo amaletsedwa.

Wina adzati anthu athu samva lamulo. Ameneyo apite ku chilumba cha Mbenji m'boma la Salima, kumene kuyambira m'zaka za m'ma 1950 ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi mvula ikayamba, asodzi onse n'kuchoka pachilumbapo kufikira mvula itatha, ndipo pachilumbapo mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa. Lamulolo silinachokere ku likulu, linabadwira pabwalo, ndipo lasungidwa mibadwo itatu chifukwa anthu amaona ndi maso awo utaka umene amakolola chilumba chikatsegulidwa. Mphamvu yomweyo, imene inatha kuuza msodzi kuti apachike khoka lake la chilimira miyezi ingapo, ikhoza kuuza mudzi kuti usalime m'mphepete mwa mtsinje. Boma nalo lili ndi mbali yake imene mfumu singaisenze: malamulo alipo, la zamadzi la mu 2013 ndi la zachilengedwe la mu 2017, ndipo chofunika n'chakuti makhonsolo a mizinda akonze malo oyeretsera zonyansa za m'mipope zisanathiridwe mumtsinje, achotse zinyalala m'misika mvula isanagwe, ndi kuti mwini fakitale kapena hotela wothira zoipa m'madzi aweruzidwe ndi muyeso womwewo umene timayesera mayi wogwidwa ndi masikito pagombe.

Nthawi yathu yatsala pang'ono, ndipo ndikusiyirani ntchito imodzi yoti muchite, inu aphunzitsi ndi ana anu a sukulu, inu a mipingo ndi a mizikiti, inu anyakwawa. Mvula yaikulu ikadzagwa, tengani botolo loyera, mukatunge madzi mumtsinje wa kwanu, pamalo pamene ukulowa m'dera la mudzi wanu; mutungenso botolo lachiwiri kumunsi, pamene ukutuluka. Muwaimike onse awiri pakhonde usiku umodzi osawagwedeza, ndipo m'mawa muyeze ndi chala matope amene adikha pansi pa lililonse. Mukapeza kuti botolo la kumunsi laposa la kumtunda, mupite nawo onse awiri kubwalo la mfumu, mukawaike pakati pa anthu, ndipo mufunsane kuti dothi loonjezeralo lachoka m'munda mwa yani.

Sabata yamawa, pa nthawi yonga yomwe ino, tidzakhala ndi mlangizi wa zaulimi amene adzatifotokozera kayezedwe ka akalozera ndi kabzalidwe ka vetiva.

(Nyimbo yotsekera pulogalamu.)